Thanki ya Land Rover ya agogo ikudontha: tiwotcherere kapena tisinthe?

Lemekezani (Ulongwe): Moni nonse pagulu pano. Akuluakulu mundithandize nzeru. Ndili ndi Land Rover Series III ya 1974, yaifupi ija ya 88, yoyendera petulo. Inali ya malemu agogo anga aamuna. Nthawi ya nkhondo anathawira nayo ku Dedza, n'kudzabwerera nayo mtendere wa 1992 utakhazikika. Yakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kwa amalume zaka zisanu ndi chimodzi, nkhuku zikuikiramo mazira. Mwezi watha ndinaidzutsa ndipo injini ikulira bwinobwino. Koma Loweruka nditathira malita 20 pamalo ogulitsira mafuta, pofika kunyumba ndinapeza pansi panyowa, kunsi kwa mpando wa dalaivala. Sikuti ikuchucha kwambiri, ndi dontho limodzilimodzi, koma m'kati monse mukununkha moti mayi a kunyumba akana kukweramo ndi mwana. Wowotcherera wina pamsika akuti ndibwere nayo mawa, ntchito ya theka la ola. Amalume akuti ndingopaka sopo monga ankachitira agogo. Nditole ziti?

Zuze wa ku Matundo: Achimwene, nkhani yaing'ono iyo. Tsitsani thanki, khuthulani petulo, tsukani ndi madzi a sopo kawiri, muiyanike padzuwa tsiku limodzi, awotcherere basi. Kuno ku Tete dzuwa lake limaumitsa ndi nsomba yomwe, nanji thanki.

Mestre Phiri (Moatize): Lemekezani mwana wanga, mawa usapite kumsikako. Dikira ndimalize kudya ndilembe bwino. Zuze, iwenso dikira.

Mayi a Tadala (Domwe): Ine za zitsulo sindidziwa, koma mayi a kunyumbawo achita bwino kukana. Mwakhala pamwamba pa thanki ngati nkhuku pa mazira, kenako wina ayatse fodya pambali panu?

Chikondi Dalaivala (Zobue): Ya sopoyo amalume sakunama. Sopo wa mtanda uja wochapira, mukamunyowetsa pang'ono n'kumukanda mpaka afewe, amatseka kabowo chifukwa petulo samusungunula. Ine inandipulumutsa pa Mussacama usiku wina mwala utaboola thanki ya pikapu. Koma ndi wokufikitsani kunyumba basi. Mukangodutsa pa chithaphwi, madzi amutsuka, mwabwerera pomwe munayambira. Ndiye Ulongwe ndi mvula yake ija, sopo atha masiku angati?

Mestre Phiri (Moatize): Ndabwera. Zuze, uli ndi zaka zingati pa ntchito yowotcherera?

Zuze wa ku Matundo: Zinayi, Mestre. Mageti, mawindo, ngolo. Mathanki ndawotcherapo atatu, palibe chinachitika.

Mestre Phiri (Moatize): Uthokoze Mulungu katatu. Ine khutu langa lakumanzere silimva kuyambira ndili mnyamata ngati iwe. Pa garaja ina imene ndinkaphunzira ntchito, anatibweretsera thanki ya Peugeot 404 yomwe inakhala kunja pa mulu wa zitsulo miyezi yambiri. Youma gwaa, ukaigogoda ikulira ngati ng'oma. Tinanunkhiza, fungo linali lapatali kwambiri. Mnzanga anaitsuka kamodzi mwamwambo chabe, ine ndikumugwirira. Moto utangokhudza pa msoko, ndinangomva ngati wina wandimenya ndi thabwa kumutu. Thanki yamakona ija inafufuma ngati dzungu, mbali ina inang'ambika n'kukamenya malata a denga. Mnzangayo anatsala ndi zipsera kumaso ndi m'manja mpaka tsiku lomwe tinamuika m'manda, zaka zambiri pambuyo pake. Chimene chimaphulika si petulo amene ukumuona ndi maso. Ndi mpweya wake wosakanikirana ndi mphepo. Thanki yodzadza imayaka, yopanda kanthu ndiye bomba lenileni. Ndipo petulo amabisala m'misoko, m'dzimbiri, ndi kuseri kwa zitsulo zotchinga m'kati zija zoletsa mafuta kukhavukira uku ndi uku. Madzi a sopo safikako konse. Ukatenthetsa chitsulo, iye amatuluka.

Aphunzitsi Banda (Furancungo): Ndiwonjezere pa mawu a Mestre, poti izi ndimaphunzitsa ana m'kalasi ngakhale sandimvera. Mpweya wa petulo umagwira moto ukakhala wochepa kwambiri mu mphepo, kuyambira pafupifupi gawo limodzi ndi theka pa 100 alionse mpaka magawo 7 kapena 8. M'thanki ya malita 45, masupuni ochepa chabe a petulo atasanduka mpweya akwanira. Chinanso, mpweyawu ndi wolemera kuposa mphepo, ndiye sukwera kumwamba ngati utsi. Umayenda chokwawa pansi, kukadikha m'dzenje la makaniko kapena kukafika pa mbaula imene ili kukhonde. A Lemekezani, galimotoyo mwaimika kutali bwanji ndi khitchini?

Lemekezani (Ulongwe): Aphunzitsi mwandiopsa. Ili pafupi ndithu, mapazi ngati khumi. Ndikukaikankha pompano ndi ana a kwa aneba.

Zuze wa ku Matundo: Chabwino Mestre, ndamva. Koma anthu amadzadza madzi m'thanki n'kuwotcherera madzi ali momwemo. Ena amalowetsamo payipi ya utsi wa galimoto. Nanga amenewo onse ndi opusa?

Mestre Phiri (Moatize): Si opusa, akudziwa chimene akuthawa. Ya madzi imathandiza, koma malo amene ukuwotchererawo amayenera kukhala pamwamba, ndipo pamenepo pamatsala kampata ka mphepo. Mpweya wonse umathawira pomwepo. Ya utsi ndimaikana, chifukwa injini yakale ya kabureta imatulutsa utsi wokhala ndi petulo wosapsa. Ukuganiza kuti ukuzimitsa, pamene ukuwonjezera nkhuni. Amene amakonza maladiyeta amamata ndi mtovu, chitsulo chomatira atachitenthetsera kutali, osafikitsa lawi pa thanki. Imeneyo ndi njira yabwinoko ngati bowo labwera ndi mwala kapena msomali. Koma tisatalikire. Thanki ya Lemekezani sinabooledwe ndi mwala. Yadyedwa. Lemekezani, lowa pansi ndi tochi ya foni, osati kandulo, undiuze ukuona chiyani kunsi kwa thankiyo.

Lemekezani (Ulongwe): Ndaikankha, ili kumunda kwa nthochi tsopano. Pansi pa thanki pali ngati chitsulo china chachiwiri chophimba. M'mphepete mwake mwatupa, ndipo ndikakanda ndi sikuludiraiva pakugwa dothi lofiira losakanikirana ndi makoko a dzimbiri. Dontho likuchokera pakona, koma ponyowa ndi papakulu ngati chikhatho changa.

Mestre Phiri (Moatize): Ndi matenda ake a galimoto zimenezi. Chitsulo chachiwiricho anachiika kuti chiteteze ku miyala, koma matope akalowa pakati satulukanso. Amakhala onyowa dzinja lonse, kudya thanki kuchokera kunja. M'kati namonso madzi amadikha pansi poti ndi olemera kuposa petulo, kudya kuchokera m'kati. Zaka 50 zimenezo. Anthu amanyengeka ndi thupi la Land Rover chifukwa ndi la aluminiyamu, siligwira dzimbiri, ndiye amayesa galimoto yonse ndi yamuyaya. Chasisi ndi thanki ndi chitsulo wamba. Ukachotsa chophimbacho upeza pansi pali ngati sefa ya ufa. Wowotcherera atseka bowo limodzi, kutentha kutsegula ena atatu pambali. Thanki imeneyo yatha ntchito yake, ipume.

Mayi a Tadala (Domwe): Za madzi m'thankizo ndiye ndikuzidziwa. Petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu uja, wina amakhala bwino, wina ukamuyang'ana padzuwa umaona timadontho pansi pa botolo. Pikapu yathu yonyamula mbatatesi inatifera pa chitunda tikuchokera ku Tsangano, matumba ali pamwamba, chifukwa cha zomwezo. Kuyambira pamenepo bambo a Tadala amasefa ndi kansalu.

Aphunzitsi Banda (Furancungo): Kansalu kagwira zinyalala, Mayi, koma madzi adutsa. Ndipo ena sabwera ndi ogulitsa ayi. Kwathu kumapiri kuno m'mwezi wa June ndi July usiku kumazizira, masana kutentha. Thanki ikakhala theka, mphepo ya m'katimo imachita mame pa zipupa monga amachitira malata m'mamawa, mamewo n'kutsikira pansi. Galimoto yongokhala zaka zisanu ndi chimodzi yamwa mame ochuluka bwanji?

Chikondi Dalaivala (Zobue): Palinso ya petulo wa ku Malawi, kwa inu a m'malire amene mumathira uku ndi uku. Kumeneko amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, anayamba kalekale mu 1982 ku Dwangwa. Galimoto zatsopano sizidandaula. Koma ethanol amakoka chinyezi, komanso amafewetsa mapayipi a mpira akalekale aja. Ndiye posintha thanki musabwezeretse mapayipi a nthawi ya agogo.

Zuze wa ku Matundo: Nanga bwanji Pratley? Guluu womatira zitsulo uja, wosakaniza ziwiri. Palibe moto pamenepo, Mestre asandikalipire.

Mestre Phiri (Moatize): Sindikukalipira, wafunsa bwino. Imagwira pa chitsulo chamoyo, chopalidwa mpaka kuwala, chouma. Pa dzimbiri ili ngati kumata chigamba pa nsanza. Igwira sabata ziwiri, tsiku lina pa mabampu a ku Domwe chigamba chigwa pamodzi ndi chitsulo chomwe chinamatidwapo.

Lemekezani (Ulongwe): Ndamva akuluakulu, tisintha. Koma yina ndiipeza kuti? Kuno ndazungulira, akungondiseka. Wina wandiuza kuti ndiike chigubu cha malita 20 kumbuyo ndi payipi yopita ku pampu, ndiiwale za thanki.

Mayi a Tadala (Domwe): Chigubu! Ndiye mwanayo adzakwera atakula ndevu.

Chikondi Dalaivala (Zobue): Chigubu ndi chotulutsira galimoto m'tchire, si choyendera. Apolisi a pamsewu akakupezani nacho mulira, ndipo ku inspecção, koyeza galimoto kuja, simudutsa. Njira zilipo zitatu. Zatsopano zimapangidwabe mpaka lero chifukwa galimotozi zili ndi okonda ambiri ku Britain ndi ku Joni, ndiye mutha kutuma munthu wa thiraki wochokera ku Johannesburg. Ndalama yake ndi yowawa, kuphatikiza ya kasitomu, koma mumagona tulo. Yachiwiri, kufunafuna yakale kwa ophwasula magalimoto ku Tete, Blantyre kapena Lilongwe. Zinalipo zambiri za boma, za mishoni ndi za m'maesiteti. Yachitatu, kupangitsa yatsopano kwa wodziwa kupinda chitsulo, kutengera muyeso wa yakaleyo.

Zuze wa ku Matundo: Yachitatuyo ndi ine! Chitsulo chatsopano sichinalawepo petulo, palibe chophulika. Mestre, pamenepa mundilola?

Mestre Phiri (Moatize): Ndikulola ukandionetsa kuti umatha kuwotcherera chitsulo chopyapyala osachiboola, ndiponso kuti uikamo zotchinga m'kati. Thanki si geti, Zuze. Petulo amadutsa pamene madzi sadutsa. Ine ndikanakhala Lemekezani ndikanayamba ndafufuza yakale ya kuno kumunsi. Galimoto zimene zakalambira ku Tete, Changara kapena Moatize sizidyedwa ngati za kwanu kumapiri, kuno n'kouma. Kutentha kwathu kumene mumatiseka nako kuli ndi phindu lake.

Chikondi Dalaivala (Zobue): Lachinayi ndikutsikira ku Tete ndi katundu. Pali mdala wina kuseri kwa Moatize ali ndi mabwinja a Land Rover atatu pabwalo, mbuzi zimagonamo. Ndikafunsa. Mestre, ndikaone chiyani kuti asandigulitse mphaka m'thumba?

Mestre Phiri (Moatize): Undiimbire ndipite nawe, si patali. Koma ndilembe kuti enanso amve. Uyang'ane pothirira mafuta. Ya Lemekezani ili ndi khosi lotulukira pambali, kuseri kwa chitseko. Za asilikali ndi zakale kwambiri zija amathirira pansi pa mpando, uchite kunyamula khushoni, imeneyo siikwana popanda kusintha zambiri. Yaitali ija ya 109 station wagon thanki yake ili kumbuyo ndipo ndi yamtundu wina, usatenge. Ukapeza ya dizilo yofanana maonekedwe itha kugwira, kungoti ili ndi payipi yobwezera mafuta imene tiyenera kuitseka bwino. Kenako timasula boya, kachipangizo koyandama koyeza mafuta kaja, ndi payipi yokokera mafuta pamwamba, tisuzumire m'kati ndi tochi. Dzimbiri la pamwamba ngati fumbi silindiopsa. Makoko ndiwo ndimathawa. Tikatero titseka mabowo onse, tipope mphepo pang'ono ndi pampu ya njinga, tipake thovu la sopo m'misoko monse. Pakatuluka thovu lotupa, tamusiyira mdalayo thanki yake. Ndanena pampu ya njinga, osati kompuresa ya matayala, imeneyo ifufumitsa thanki.

Lemekezani (Ulongwe): Zikomo Mestre, zikomo achimwene a Chikondi. Ndalama nditumiza pa M-Pesa mukandiuza mtengo. Pakadali pano ndiyambe kutsitsa yakaleyi? Sindinagwirepo ntchito yotere.

Mestre Phiri (Moatize): Yamba, ndi ntchito yoti mlimi aliyense atha, anaipanga dala choncho galimotoyo. Panja, pamthunzi, kutali ndi moto, wosuta fodya aliyense umuthamangitse ngakhale akhale amalume. Choyamba chotsa waya wa negativo pa batire. Petulo umutulutsire m'chigubu chovomerezeka, pansi pa thanki pali bawuti yokhuthulira. Ikakana usalimbane nayo, ungang'ambe pansi ponse petulo n'kukukhuthukira kumaso. Kokera pamwamba ndi kapampu ka m'manja. Pakamwa ayi, petulo akalowa m'mapapo ndi nkhani ya kuchipatala. Ukachotsa khushoni ndi chitsulo cha pansi pa mpando uona zonse: waya wa geji, payipi yopita ku pampu, ndi mpira waukulu wa pakhosi. Jambula ndi foni usanamasule kanthu. Mabawuti ogwira thanki ku chasisi uwathire mafuta a buleki kapena dizilo lero, mawa uthirenso, udzamasule mkuja. Ndipo ndi a mainchesi, ufune sipanala ya 1/2 ndi 7/16. Ya 13 imaoneka ngati yakwana pa 1/2 koma pa bawuti yadzimbiri imangozungulira n'kudya makona. Ikakanitsitsa, dula ndi sowo ya m'manja pang'onopang'ono. Galayinda usayerekeze n'komwe.

Aphunzitsi Banda (Furancungo): Ndipo ndowa ya mchenga ikhale pafupi. Moto wa petulo ukauthira madzi umangoyandama n'kufalikira.

Lemekezani (Ulongwe): Akuluakulu, ndabweranso, lero Lachisanu. Thanki yatsika dzulo madzulo. Mabawuti awiri anamasuka, ena ndinadula, zala zonse zili ndi mabala. Nditaitembenuza munatuluka madzi ofiira ngati a m'chithaphwi pafupifupi kapu yathunthu, ndi zinyalala zodzadza manja awiri. Munalinso chivindikiro cha botolo ndi kamtengo kosongoka. Amalume akuti kamtengoko ndi ka agogo, ankayezera mafuta geji itafa, tsiku lina kanawapulumuka. Ndachotsa chitsulo chophimba chija ndi tchizulo ya mtengo, ndipo Mestre munanena zoona. Nditaloza kudzuwa n'kusuzumira pakhosi, ndinaona nyenyezi. Ndawerenga timabowo 14 ndisanatope. Pakona pena pali chinthu chouma chachikasu chomatidwa, amalume akuti ndi sopo wa agogo wa nthawi ya ku Dedza, koma ine ndikuona ngati ndi phula.

Zuze wa ku Matundo: 14! Ndikanawotcherera mpaka Khirisimasi.

Lemekezani (Ulongwe): Koma pali vuto lina. Mkono wa chasisi umene thanki imakhalapo kutsogolo wadyeka. Ndikaubaya ndi sikuludiraiva ikulowa.

Mestre Phiri (Moatize): Ndinkayembekezera. Tsopano ntchito ya wowotcherera wa pamsika uja yapezeka. Adule chowolacho, aike chitsulo chatsopano chokhuthala mofanana, thanki ili kutali, payipi ya petulo yochotsedwa, batire yochotsedwa, ndipo pansi pamene panadonthera paja pasakhale pomwepo. Thanki yodzadza imalemera makilo oposa 40, singakhale pa chitsulo chofumbwa. Yakaleyo usaisiye pamene ana amasewera, ndipo wina asaitenge kukapanga mbaula. Idzadze madzi ikhale choncho.

Chikondi Dalaivala (Zobue): Nkhani yabwino ndi yakuti thanki tapeza. Ine ndi Mestre tinapita kwa mdala uja. Yoyamba inali ya asilikali, yachiwiri munali chisa cha makoswe ndi bowo loti mkono kulowa. Yachitatu ya dizilo, m'kati moyera ngati mbale, poti dizilo ali ndi mafutamafuta amene amateteza chitsulo. Tapopa, thovu silinatuluke. Mdalayo anayamba ndi mtengo wa ng'ombe, Mestre anamukumbutsa za giya bokosi imene anamukonzera ngongole kalekale, mtengo unatsika kufika pa mbuzi. Ndaikweza chapa, minibasi ya mawa m'mawa, ndamuuza kondakitala asakhazikepo matumba. Muidikire pa siteji cha m'ma 12 koloko, msewu wake mukuudziwa, makilomita oposa 200 aja sayendeka mothamanga.

Mestre Phiri (Moatize): Bowo lobwezera dizilo ndatseka kale. Ikafika uitsuke ndi petulo pang'ono kawiri, uipake penti kunja, makamaka pansi, ndipo m'mphepete mwa chophimba chija uthiremo oyilo wakuda kuti matope asagwire. Boya uike yako yakale ngati ikugwira, chifukwa za zaka zina sizigwirizana ndi geji yako. Magasiketi a pamwamba usabwezere akale, ndipo usamate ndi silikoni, petulo amaisungunula n'kukatseka payipi. Mapayipi a mpira onse atsopano, ogulidwa ngati a petulo, osati a madzi a kumunda. Pa pampu ya injini pali kagalasi kooneka ngati kapu, kamasule ukatsuke, upezamo dzimbiri la thanki yakale. Uikenso kafyuluta ka pulasitiki kabureta isanafike.

Mayi a Tadala (Domwe): Ikatha mubwere nayo ku Domwe tsiku la msika tidzaione. Ndili ndi matumba asanu ofuna kutsika kumunda, msewu wake pikapu imakana.

Lemekezani (Ulongwe): Lachitatu. Yakwera! Mkono wa chasisi anawotcherera Lolemba, thanki ndinaika dzulo ndi amalume, bowo limodzi la bawuti linasemphana pang'ono tinachita kulikuza ndi fayilo thanki isanalawe petulo. Ndinathira malita 5 kaye, ndinayala katoni pansi usiku wonse, m'mawa youma. Lero ndadzadza, ndapita mpaka ku Calomue n'kubwerera, mayi a kunyumba ali kutsogolo ndi mwana. Fungo latha. Koma geji ikuloza pa E ngakhale thanki ili yodzadza mpaka pakhosi.

Zuze wa ku Matundo: Kamtengo ka agogo kaja musataye, achimwene.

Mestre Phiri (Moatize): Unapaka penti pamwamba pomwe boya imakhala?

Lemekezani (Ulongwe): Eya, ponseponse, kawiri. Munati ndipake.

Mestre Phiri (Moatize): Ndinati makamaka pansi. Penti yatseka njira ya magetsi, boya ilibe massa, ndiye kuti siikulumikizana ndi chitsulo cha galimoto. Chotsa batire kaye, utenge kawaya kuchokera pa sikuluwu imodzi ya boya kukafika pa chasisi, pamalo opala bwino. Ukabwezera batire udikire pang'ono, geji ya galimoto zimenezi imakwera mwaulesi. Ikakanabe undiuze, tiyang'ane ngati kachitini koyandama kaja sikanamwe petulo.

Lemekezani (Ulongwe): Chabwino Mestre, ndiyesa mawa kukacha, pano kwada ndipo tochi ili ndi amalume. Mayi a Tadala, matumba aja ndi a makilo angati? Masipuling'i akumbuyo sindinawaonebe.